Nkhalamba ya Chinavajo Inanunkhiza Botolo Langa la Madzi

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene tili limodzi kuno ku London ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi. Ine ndine Esnart, ambiri amandidziwa kuti mayi a Thoko. Ndimagwira ntchito ya keya ku Lewisham, yoyenda m'nyumba za okalamba kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwapatsa mankhwala. Umboni wanga ndi wa mowa. Ndautchula dzina lake dala, chifukwa kwa zaka zambiri anthu ankangonong'onezana kuti "vuto lija la mayi a Thoko", ngati kuti akalitchula liwaluma. Ndinali chidakwa. Ndinkaimba kwaya Lamlungu, Lolemba m'mawa n'kuthira vodika m'botolo la madzi ndisanakwere basi. Sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Amene mukuwerenga kuti mupeze nkhani yokakamba pa ukwati ukubwerawu, werengani mpaka kumapeto kuti mukakambe zoona.

Nkhaniyi siinayambire ku London ayi. Kwathu ndi ku Ntcheu. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zitatu ndinasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana yogonera komweko, kutali ndi kwathu. M'mudzi mwathu munalibe mtsikana amene anasankhidwapo, ndiye bambo anga anayenda khomo ndi khomo kuonetsa kalata ija ngakhale iwo sankatha kuiwerenga. Bambo anali mlimi wa kachewere. Ankamwa kachasu tsiku la msika, akamwa ankangoimba nyimbo za ngoma n'kukagona. Sanakwezepo dzanja pa mayi kapena pa ife ana. Ndi iwo amene ananyamula sutikesi yanga panjinga mpaka kumsewu.

Sukulu ija sindiitchula dzina, ilipobe ndipo ndamva kuti zinthu zinasintha. Pa nthawi yathu lamulo linali loti Chingerezi chokha, kuyambira podzuka mpaka pogona. Chichewa sankachitchula n'komwe kuti Chichewa, ankati venakyula, mawu amene ankawalavula ngati akutchula nthenda. Panali fupa la ng'ombe lomangidwa pa chingwe. Ukamveka ukuyankhula venakyula ankakukoleka fupa lija m'khosi, ndipo njira yokhayo yolichotsera inali kupeza mnzako akulakwitsa n'kumukoleka iyeyo. Amene dzuwa lamulowera fupa lili m'khosi ankagwada pa timiyala kutsogolo kwa holo yodyera, anzake akudutsa ndi mbale. Motero aliyense anali kazitape wa mnzake. Ndinaphunzira kutseka pakamwa. Ndinkayamba ndamasulira chiganizo m'mutu ndisanachitulutse, ndipo nthawi zambiri pomaliza kumasulirako, anzanga anali atasintha kale nkhani.

Ndili fomu thu, bambo anadwala chibayo n'kumwalira kutatsala masiku ochepa kuti tiyambe mayeso. Amalume anakwera basi kubwera ndi uthenga. A hedi anawabweza pageti, amvekere mwanayu asasokonezedwe, tidzamuuza akamaliza kulemba. Ndinalemba mayeso onse bambo anga ali kale m'manda, ine osadziwa kanthu. Tsiku lomaliza anandiitanira mu ofesi n'kundiuza m'Chingerezi, ali chiimire, ndipo anamaliza ndi kundilangiza kuti ndilimbe mtima ngati mtsikana wophunzira. Ndinatulukira pakhonde. Ndinagwa pansi n'kuyamba kulira momwe timalirira kwathu, kuitana bambo anga, kuwafunsa kuti andisiya ndi yani. Mtsikana amene anali ndi fupa tsiku limenelo anabwera n'kundikoleka m'khosi ndili pansi pomwepo. Sindimuda, nayenso anali mwana woopa timiyala. Koma aphunzitsi awiri anaona, ndipo palibe amene analichotsa. Madzulo ake ndinagwada kutsogolo kwa holo.

Kuyambira tsiku limenelo sindinalirenso pamaso pa munthu. Ndinakhoza bwino mayeso, ndinkanyadira Chingerezi changa, ndipo mayi anga akamayankhula pagulu ndinkayang'ana pansi ndi manyazi. Anthu ankati Esnart ndi wofatsa, ndi wolimba mtima. Sankadziwa kuti mkati mwanga munali mwana amene sanadzukebe pa timiyala paja.

Ndinabwera kuno ndi mwamuna wanga, ndipo Thoko anabadwira kuno. Banja linatha Thoko ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinena zambiri pa zimenezo, chifukwa bambo a Thoko si amene ananditengera botolo kukamwa. Ndinayamba ndi kapu imodzi ya vinyo ndikaweruka. Chimene ndinapeza m'kapu imeneyo sichinali chisangalalo. Ndinapeza kuti ndikamwa, mantha aja oyeza mawu aliwonse ndisanawatulutse ankachoka. Ndinkatha kuimba m'khichini, kudziyankhulira Chichewa ndekha, ngakhale kulira kumene. Mawa lake manyazi ankabwera owirikiza, ndipo mankhwala a manyaziwo anali kapu ina. Vinyo atayamba kundichepera ndinasamukira ku vodika, chifukwa ndinamva kuti sanunkha. Limenelo ndi bodza, abale anga, amanunkha.

Thoko ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndinapita ku msonkhano wa makolo kusukulu kwake nditamwa. Mphunzitsi wake anangonena kuti mwanayu amakhala chete m'kalasi, ine ndinamukalipira pamaso pa makolo ena ndi ana awo mpaka anandiperekeza panja. Loweruka lake Thoko analongedza zovala m'chikwama. Anandiuza m'Chingerezi, monga amayankhira nthawi zonse, kuti watopa kusaka mabotolo kuseri kwa makina ochapira, ndipo akupita ku Edmonton kwa azakhali ake. Azakhali akewo ndi a Grace, mchemwali wa bambo ake, nesi wa m'chipatala. Ndinaima pawindo kumuyang'ana mpaka anakhota pakona. Kenako ndinamwa.

Kutchalitchi kwathu ku Peckham anandichotsa m'kwaya mwakachetechete. Amayi ena ankati ndi ziwanda, anandipempherera mpaka mawu kusasa, ine n'kutuluka kukagula botolo pa shopu yoyandikana ndi siteji ya basi. Ena, amene ankadziwa kwathu, ankati ndi za kumtundu, bambo ake anafa ndi kachasu. Bambo anga anafa ndi chibayo. Koma mawu amenewo ndi amene anandilowa kwambiri, chifukwa ngati chinthu chili m'magazi, ulimbana nacho bwanji? Ndinasiya kupita kutchalitchi. Ndinali katswiri wa bodza. Ndinkanamiza a manejala, dokotala wanga, a Grace, ngakhale mayi anga pa foni. Pemphero langa linatsala limodzi lokha, ndipo ndinkalinenera m'basi, chipumi chili pagalasi. Ndinkati Ambuye, ngati mukundionabe, nditumizireni munthu amene sindingathe kumunamiza.

Chakumayambiriro kwa nyengo yozizira, ofesi inandipatsa kasitomala watsopano, bambo Raymond, nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, yofa mbali imodzi ndi sitiroko. Pa fomu analemba kuti ndi a ku America. Nditalowa ndinadabwa, sanali mzungu komanso sanali munthu wakuda. Anali ofiirira khungu, tsitsi lawo la imvi lalitali litamangidwa kumbuyo ndi ulusi woyera. Anandifotokozera kuti iwo ndi Mnavajo, umodzi mwa mitundu ya anthu amene anali eni dziko lija azungu asanafike, ndipo paokha amadzitchula kuti Diné. Kwawo ndi kuchipululu cha miyala yofiira, kumene makolo awo ankaweta nkhosa. Anabwera ku England ali msilikali wa ndege, anakwatira mayi wa kuno, anabereka mwana amene anakula n'kukakhala payekha, mayiwo anamwalira, iwo n'kutsala okha m'fulati la pansi ku Lewisham. Lamulo lawo loyamba kwa ine linali loti sizasi isadzayandikire tsitsi lawo. Ndinkalipesa m'mawa uliwonse n'kulimanga momwe anandiphunzitsira. Anali munthu wosayankhula zambiri. Ankangondiyang'ana ndikamayendayenda m'nyumbamo, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi ukalamba chabe.

M'mawa wina wa Lachiwiri ndinafika nditamwa kale m'basi. Nditawasambitsa, ndinkawasamutsa kuchoka pa mpando wa m'bafa kupita pa wilutcheya, koma ndinaiwala kumanga mabuleki. Wilutcheya inabwerera m'mbuyo, iwo anatsetsereka, chiuno chinagunda m'mphepete mwa sinki, tonse awiri tinathera pansi. Mulungu anachita chifundo, palibe chimene chinathyoka. Nditawakhazika bwino ndinayamba kupepesa, n'kumanamizira kuti pansi panali ponyowa. Anatambasula dzanja lawo labwinolo n'kuloza botolo langa la madzi lomwe linali m'thumba la yunifolomu. Ndinawapatsa, sindikudziwa chifukwa chake. Anatsegula ndi mano, kununkhiza, kutseka, n'kuliika pamiyendo pawo.

"Ine ndinamwa zaka makumi awiri ndi zisanu," anatero motsitsa mawu. "Simungandinamize. Khalani pansi."

Mawu amene ndinkanenera m'basi aja anali atandibwerera kuchokera m'kamwa mwa munthu amene sankawadziwa. Ndinakhala pansi pa bafapo, msana utatsamira chitseko.

Sanayambe ndi kundidzudzula. Anayamba ndi za sukulu. Anati ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, galimoto ya boma inabwera kudzatenga ana kupita nawo ku sukulu yogonera komweko, ulendo wa tsiku lathunthu. Tsiku loyamba anawameta tsitsi lonse, chinthu chimene kwawo sichinkachitika, ndipo anawavula zovala za kwawo n'kuwapatsa zolembedwa nambala. Dzina loti Raymond analilandira komweko chifukwa mphunzitsi sankafuna kuvutika ndi lakwawo. Akamveka akuyankhula Chinavajo ankawatsuka m'kamwa ndi sopo wochapira zovala. Ankaguba popita kukadya, kuguba popita kukagona. Atabwerera kwawo patapita zaka, ankachita chibwibwi poyankhula ndi mayi awo, ndipo ankanyansidwa ndi fungo la nkhosa m'nyumba imene anabadwiramo. Kusukulu anali munthu wa kutchire, kwawo anali mlendo. Mowa anauyamba ali msilikali, ndipo unatsala pang'ono kuwathetsera banja.

Anandiuzanso chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati si onse amene anadutsa m'masukulu aja amene anakhala zidakwa. Mchemwali wawo anametedwa tsiku lomwelo, koma sanalawepo dontho, anadzakhala mphunzitsi. Ankadziwanso anthu amene sanalowepo m'kalasi koma anafa ndi mowa, ndi ena amene amaikumbukira sukulu ija mokoma chifukwa ankadya katatu pa tsiku. Anati sangayankhulire onse, koma pa moyo wawo ankadziwa bwino pamene bala linalowera. Chimene ankakana ndi mtima wawo wonse ndi mawu amene anawamva kuyambira ali mnyamata, oti mtundu wawo umabadwa ndi ludzu la mowa. Ngakhale dokotala wina wa asilikali anawauza zomwezo akuseka.

"Anatitengera ana, anatitseka pakamwa, kenako n'kuloza botolo kuti onani mmene alili anthu amenewa," anatero bambo Raymond. "Ine ndinakana. Mowa ndinausiya ndili wokwiya, ndipo mkwiyowo unandigwira dzanja. Nanga inu, anakuchitani chiyani?"

Ndinayamba kuyankha ndi Chingerezi changa chosalala chija, kuti palibe, ndi kutopa ndi ntchito chabe. Anakweza dzanja kundiletsa. Anati ndinene m'chiyankhulo cha kwathu, iwo sadzamva mawu ake koma zimenezo zilibe kanthu. Kenako ndinamva pakamwa panga pakutuluka Chichewa, chonjenjemera, ngati cha munthu amene wangochira kumene. Ndinanena za njinga ndi sutikesi, za amalume pageti, za khonde lija. Pofika pa fupa ndinali ndikubuma. Ndinalira maliro a bambo anga amene anandidula pakati zaka zoposa makumi atatu m'mbuyomo, ndinawalira pansi pa bafa la munthu wa mtundu wina, ndipo palibe amene anandiletsa. Nditatonthola, iwo ananena mawu ochepa m'Chinavajo. Pambuyo pake anandiuza kuti ndi mawu amene mayi awo ankanena munthu akamayamba ulendo wautali.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, kuti nkhalamba yachifundo indisungira chinsinsi. Ayi ndithu. Analoza foni yanga.

"Lero mwagwetsa ine. Mawa mugwetsa mayi wina amene sadzadzukanso. Muimbira nokha ku ofesi kwanu, kapena ndiimba ine."

Ndinawachonderera. Ndinawauza kuti ntchito ikatha ndiye kuti Thoko sadzabweranso. Sanasunthe ngakhale pang'ono. Mumtima ndinawatukwana, ndinati nkhalamba yoipa iyi yandiliritsa dala kuti indipereke. Koma ndinaimba. Ndinauza a manejala kuti ndagwetsa kasitomala, ndipo ndamugwetsa chifukwa ndamwa, ndipo si koyamba kubwera ku ntchito nditamwa. Chimenecho chinali chiganizo choona choyamba chimene ndinanena patapita zaka. Anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo. Anatumiza nesi kudzawapima bambo Raymond, ine ndinatuluka ndi chikwama changa, botolo lija litatsala pamiyendo pawo.

Musaganize kuti ndinadzuka mawa lake nditachira. Amene amachitira umboni wotero Mulungu awadalitse, wanga sunayende choncho. Ndinapita kwa dokotala wanga n'kumuuza mlingo weniweni umene ndinkamwa. Anandichenjeza kuti ndisasiye mwadzidzidzi pandekha chifukwa thupi lozolowera motero likhoza kugwa khunyu, munthu n'kufa. Ananditumiza kwa anthu othandiza omwa mowa konkuno ku Lewisham. Sabata yochotsa mowa m'thupi ndinanjenjemera mpaka kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri. A Grace, amene ndinkaganiza kuti amandida, ankakwera sitima kuchokera ku Edmonton akaweruka kudzandiphikira phala, osandinyoza ndiponso osandinyengerera. Ndinayamba kupita ku gulu la anthu ofuna kusiya mowa lokumana Lachinayi masana m'holo ina. Mumakhala azungu, a ku Jamaica, a ku Poland, dalaivala wa basi, mayi wina loya. Nditawayang'ana onsewo ndinadzifunsa kuti magazi a ku Ntcheu aja awalowa bwanji anthu amenewa.

Patatha miyezi iwiri ndinagwa. Linali tsiku lobadwa la Thoko, ndinamuimbira kasanu osayankha. Ndinamwa masiku atatu. Pa nthawiyo mwana wa bambo Raymond anali atagwirizana ndi ofesi kuti ndikhoza kumawachezera bambo ake ngati mlendo, osati ngati wantchito. Ndinapita Lamlungu masana, mutu uli pansi, ndikuyembekezera kuti andithamangitsa. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati iwo anagwa kanayi asanaime, ndipo manyazi amene ndikumvawo ndi omwe aja a kusukulu, angosintha malaya. Anati ndikawagwadira andibwezera ku botolo dzuwa lisanalowe. Anandiuza kuti ndipite ku gulu Lachinayi ndikanene ndekha, ndiyambirenso kuwerenga masiku osamwa. Ndinapita. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero papita zaka zitatu ndi miyezi inayi.

Nditabwerera kutchalitchi ndinapempha abusa kuti ndiime kutsogolo. Ndinanena zonse. Titatuluka, mayi wina wamkulu anandikokera pambali. Anali atamva kuti bambo Raymond amapemphera mwa makolo awo, kuyang'ana kum'mawa dzuwa likamatuluka, ndiye anandifunsa ngati ndikutsimikiza kuti munthu wotero angakhale yankho lochokera kwa Mulungu. Ndinawayankha mwaulemu koma mosabisa.

"Amayi, ine ndinapempha kwa Yesu, ndipo Iye anatumiza amene anamutumiza. Sindikamufunsa chifukwa chake sanasankhe mmodzi wa ife. Tinali nawo mpata zaka zonsezi."

Sabata yotsatira mayi aja anandibweretsera buku la nyimbo za kwaya.

Ntchito inabwerera patatha miyezi isanu ndi iwiri. Panali msonkhano ku ofesi, makalata a dokotala ali patebulo. Pakati pa makalatawo panali ina yolembedwa mokhotakhota ndi dzanja lamanzere. Bambo Raymond analemba kuti mayi ameneyu anandigwetsa, ndipo ndi yekhayo mwa onse amene anandigwirapo ntchito amene anadzinenera yekha mlandu. Sanatchule kuti anachita kundikakamiza. A ku ofesi anandibwezera pa ntchito ndi malamulo okhwima, kuyenda ndi mnzanga miyezi yoyamba ndi kupimidwa nthawi ina iliyonse. Ndinavomera zonse, chifukwa anthu amene ndimawanyamula ndi makolo a eni ake.

Chaka chatha ife amene tinaphunzira pa sukulu ija ndipo tili kuno tinakumana m'holo ina ku Peckham. Tinalipo amayi ngati makumi awiri, manesi, aphunzitsi, ena mabwana. Titadya, nkhani inafika pa fupa. Anthu anaseka mpaka misozi, wina amvekere chikhala kuti panalibe fupa lija sitikanafika ku Mangalande. Esnart wakale akanaseka nawo n'kukamwa kunyumba. Ndinaimirira, kapu ya juwisi ili m'manja, ndipo ndinayankhula m'Chichewa. Ndinati Chingerezi tinachiphunzira m'mabuku ndi kwa aphunzitsi abwino amene analipo, fupa linangotiphunzitsa kuperekana ndi kunyoza amayi athu. Ndinawauza za bambo anga. Ndinawauzanso kumene manyaziwo anandifikitsa.

Mayi wina amene anali pulifekiti pa nthawi yathu anati zakale zisiyidwe, Mkhristu amakhululuka. Ndinamuyankha kuti a hedi aja ndinawakhululukira, ndipo ndimawapempherera ngati ali moyo, koma kukhululuka sikutanthauza kutcha choipa kuti chinali chabwino. Ena anakwiya, ndipo mpaka lero pali amene sandipatsa moni. Zimenezo sizindisowetsa tulo. Ndili pa siteji kudikira basi, ndinamva munthu akundigwira chigongono. Anali a Joyce, amene anali patsogolo panga ndi kalasi imodzi, mayi wooneka bwino, wa udindo kuntchito kwake. Sanandiyang'ane kumaso. Anangoti iwo botolo lawo amalisunga m'galimoto, pansi pa mpando, ndipo anafunsa kuti gulu lija limakumana tsiku lanji. Tsopano timakhala moyandikana Lachinayi lililonse, ndipo andilola kuti ndiwatchule.

Thoko sanabwere akuthamanga manja ali m'mwamba. Anayamba kubwera Loweruka, ola limodzi, chikhoto osavula. Ndinkamuona akutsegula makabati ngati akufuna shuga, ndipo ndinkangomusiya, chifukwa ndi ine amene ndinamuphunzitsa kusandikhulupirira. Tsiku lina ndinamukhazika pansi n'kumuuza za agogo ake aamuna amene sanawaonepo, ndi za sukulu ija. Ndinamuuza kuti sindikunena izi kuti ndidzichotsere mlandu, zimene ndinamuchitira iye ndi zanga ndipo ndikupepesa. Patapita masabata angapo anandipempha kuti ndimuperekeze akawaone bambo Raymond. Anacheza awiriwo nthawi yaitali ine ndili kukhichini, ndipo zimene anakambirana sanandiuze. Atamaliza mayeso ake anabwera ndi masutikesi awiri, a Grace akumuthandiza kunyamula. Lero ali ku koleji, amagona m'chipinda chake chakale, ndipo timakangana za mbale zosatsuka ngati mayi ndi mwana wina aliyense.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la chidakwa m'basi, pemphero lopanda ngakhale ameni. Ndikuthokoza bambo Raymond, amene tsopano afooka kwambiri ndipo mawu awo amamveka patali, koma ndikapita Lamlungu amandifunsabe kuti lero ndi tsiku lachingati. Ndikuthokoza a Grace, amene anasunga mwana wanga osamuphunzitsa kundida. Ndikuthokoza dokotala wanga ndi anzanga a Lachinayi. Ndikuthokoza mayi anga ku Ntcheu, amene nditawaululira pa foni anangoti mwana wanga, bwenzi utanena kale.

Tsopano ndiyankhule ndi iwe amene ukuwerenga izi botolo lili m'chikwama, kapena kuseri kwa thumba la ufa, kapena m'loka ya kuntchito. Akuuza kuti ndi za kumtundu. Kana. Akuuza kuti mayi wachikhristu sangakhale ndi vuto lotere, ndiye iwe si Mkhristu. Kana. Mwina nawenso pali pamene anakutseka pakamwa uli mwana, kusukulu, kwa achibale, kapena m'nyumba ya bambo ako omwe. Chimene anakuchitacho chinali choipa, ndipo uli ndi ufulu wochitchula dzina. Koma usachisandutse pobisalira, chifukwa ana ako ndi anthu amene umawasamalira sanakulakwire. Pemphera, ndipo ukamaliza kupemphera pita kwa dokotala ukanene mlingo weniweni. Usasiye wekha mwadzidzidzi. Ukagwa, dzuka tsiku lomwelo, usadikire kuti manyazi athe kaye, chifukwa satha munthu ali pansi.

Ndipo inu a mpingo, munthu wotere akalowa, musamusunthire kumpando wakumbuyo. Mufunseni chimene chinamuchitikira, kenako mukhale chete mumve.

Ine mdani anandilemba kale m'gulu la otayika, anthu ena anasainira, inenso ndinatsala pang'ono kusainira. Koma ndili pano, maso ali gwa, manja osanjenjemera, ndipo mawa seveni koloko ndili ndi gogo wina woti ndikamusambitse. Ngati ukuopa kulowa wekha pakhomo la holo ija, amene amandidziwa akulozera kumene ndimakhala Lamlungu, mzere wachiwiri wa kwaya. Undigwire chigongono, sufunika kunena zambiri. Lachinayi tidzakwera basi imodzi. Mulungu akusungeni nonse. Ameni.